Lipenga lakale la ophunzira: ligulidwe kapena ayi?

Bambo wina wophunzitsa anyamata kuliza malipenga kutchalitchi ku Ulongwe watilembera imelo. Akuti apeza malipenga awiri akaunjika, Olds Ambassador ndi Yamaha YTR-2320, onse othimbirira, ndipo mtengo wa lililonse ukufanana ndi wa lipenga latsopano lonyezimira koma lopanda dzina lodziwika. Akufunsa kuti atenge liti.

Bambo, tengani lakale, malinga ngati mavalavu ake, zida zitatu zodinikiza ndi zala posintha mawu, sakutaya mpweya. Mtengo wonse wa lipenga wagona pamenepo.

Olds Ambassador ankapangira ku Los Angeles, kenako ku Fullerton, mpaka kampaniyo inatsekedwa mu 1979. Analipangira ana asukulu, n'chifukwa chake mkuwa wake ndi wokhuthala, mfundo zake n'zowotcherera molimba, ndipo mawu ake ndi odzaza moti ngakhale akatswiri amaliimba. Conn Director ya ku Elkhart, King Cleveland 600 ndi Getzen 300 ali m'gulu lomweli. Malipenga atsopano otchipitsitsa kawirikawiri amavuta pa mavalavu: amayamba kukakamira msanga, ndipo zida zosinthira sizipezeka.

Koma dzina lokha lisakukopeni. Sololani silayidi (kapaipi kokhota kosololeka) ya valavu yoyamba, dinikizani valavuyo, tsekani ndi chala chachikulu paipi imene mpweya ukutulukira, ndiye uzirani mwamphamvu. Lipenga labwino limakubwezerani mpweyawo. Mukamva ukufwefwenthera m'kati, ndiye kuti mapisitoni, zitsulo zoyenda m'kati mwa mavalavu, anaperepeseka. Lipenga lotere limatopetsa mwana, mawu apansi amamveka ofooka, ndipo iye amaganiza kuti wolephera ndi iyeyo. Masulaninso chivundikiro cha pamwamba pa valavu, tulutsani pisitoni theka n'kuigwedezera m'mbali, isamasewere. Wogulitsa akathiramo mafuta okhuthala vutoli limabisika, choncho pukutani kaye musanayese. Kukutira mapisitoni ndi chitsulo chatsopano ndi ntchito ya amisiri apadera, ndipo nthawi zambiri imadula kuposa lipenga lenilenilo. Likalephera mayeso amenewa lisiyeni, ngakhale likhale la Olds.

Kenako yang'anani paipi yoyamba, imene chapakamwa chimalowamo. Timadontho tofiirira timasonyeza kuti malovu anadya zinki m'kati mwa mkuwa, kwatsala kopa wofumbutuka. Kadontho kamodzi kangathe kukhala zaka osabooka, koma akachuluka paipiyo idzafunika kusintha. Kubonyoka pa paipi imeneyi kumasokoneza mawu kwambiri kuposa kubonyoka pa belu, mbali yotambasuka kumene mawu amatulukira.

Kuthimbirira si kanthu, ndi vanishi chabe amene wasupuka. Tinsalu ta pansi pa mabatani, masipuling'i ndi kakoko ka potayira madzi n'zotchipa. Silayidi yomatirira imamasuka mukaithira palafini pang'ono n'kuisiya masiku angapo. Pulayala ayi, imapinda mapaipi ndi kudula mfundo.

Chenjeraninso ndi zida zakale kwambiri za mabandi a ku Britain. Zambiri zopangidwa isanafike 1960 zinali za mawu okwera, noti ya A inali pafupifupi 452 Hz m'malo mwa 440 Hz, ndiye sizigwirizana ndi kiyibodi ya m'tchalitchi. Yesani lipenga lililonse ndi chuna, pulogalamu ya pa foni yoyezera kukwera kwa mawu.

Onse awiri akapambana mayeso, ife tingatenge Yamaha. Olds ali ndi mawu okoma kuposa Yamaha, koma chida chake chikathyoka mudzafunafuna pa lipenga lina lakufa, pamene za Yamaha zimaitanitsika. Mtengo ukambidwe mutachotsapo kale wa chapakamwa chatsopano, cha saizi 7C, chifukwa chakale chosupuka siliva chimatupitsa milomo.

Mukafika nalo kunyumba, litsukeni m'madzi ofunda pang'ono ndi sopo wa mbale. Madzi otentha amasupula vanishi wakale. Pa mapisitoni pazipita mafuta a mavalavu okhaokha, madontho atatu kapena anayi, osati ophikira. Pa masilayidi Vaseline amakwana. Mukapita nalo ku Tete kapena ku Moatize m'chilimwe, mafuta amauma msanga ndipo fumbi limakanda mapisitoni, choncho thirani tsiku lililonse loimba, ndipo likhale m'bokosi lake lotseka.