Asuweni, za mphunzitsi wa masamu uja

Eee, asuweni, wadzuka bwanji kumeneko? Uthenga wako ndauona, koma kulemba ayi, ndingolankhula. Wafunsa ngati ndikudziwa mphunzitsi wa masamu woti aziphunzitsa mnyamata wako pa holide ino. Mm. Aphunzitsi alipo, sasowa. Koma ine ndimakudziwa iwe. Chakudetsa nkhawa ndi zija unkandidandaulira pa chinkhoswe paja, zoti mwanayo akungokhalira kutola ziwala ndi abuluzi, kudzaza m'mabotolo, kubwera malaya ali matope okhaokha. Ukuopa kuti adzafanana ndi amalume a ku Kachulu. Usakane! Iwe chinthu chikakuopsa umayamba kufunsa mozungulira, kuyambira uli kamtsikana.

Ndiye dikira kaye, ndikukumbutse za amalumewo, bambo ako aang'ono aja. Iwe unali wamng'ono, ukangoona bwato unkalira... ee, unkalira, kawafunse amayi ako. Tsiku lina, nyanja ya Chilwa isanaphwe, anabwera kuchokera kokavuula ukonde atagwira makumba amodzi amoyo. Akuti, tengani beseni, thirani madzi. Anaigwira nsomba ija chozondotsa, n'kuitsegula kukamwa ndi chala pang'onopang'ono. Asuweni, tiana tinayamba kutuluka m'kamwamo, ting'onoting'ono, maso okhaokha, tikusambira m'besenimo. Ine ndinakuwa kuti yadya ana ake! Iwo osaseka. Anangoti, ikanawadya akanakhala amoyo? Yang'ananso. Anandisiya pamenepo mpaka ndinatulukira ndekha kuti yaikaziyo imafungatira mazira m'kamwa, imawasunga mpaka aswe. Chambo chimateronso. Atatero anabweza zonse m'madzi, ndiwo za tsiku limenelo zikuchepa, azakhali ako akulalata.

Kenako 1995, Chilwa itaphwa. Ayi, dikira, iwe unali utapita kale ku Limbe nthawi imeneyo, ndiye izi sunazione. Anthu onse ali ndi chisoni, usodzi watha, iwo akutitenga kuti tiyeni tikayende pamene panali nyanja, cha kulowera ku chilumba cha Chisi. Ankati anaionaponso itaphwa mu 1968. Matope atang'ambikang'ambika, pamwamba pali zoyera. Akuti, nyambitani. Tinanyambita, mchere! Akuti, tchulani mitsinje yothira m'nyanja muno. Ife: Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe. Nanga wotulutsa madzi ndi uti? Zii. Palibe. Ndiye madziwo amapita kuti, mcherewu ukutsala bwanji? Tinabwerera kunyumba osatiuza. Za nsomba nazonso, kuti zapita kuti, anatitengera ku mtsinje kukaona milamba ndi matemba zitaunjikana m'maiwe otsala, zikudikira mvula.

Mm. Ndikamawakumbukira mtima umandiwawa. Anthu pabanja pathu amawatchula ngati chitsanzo cha munthu wolephera sukulu. Sanalephere ayi, chinawatsitsa ndi fizi, agogo analibe. Pulayimale yaulere yabwera 1994, iwo ali kale ndi imvi. Ine nditafika ku koleji ya zaulimi ya Bunda ndinapeza za mchere zomwezija zili m'buku, m'Chingerezi chovuta, anzanga akuloweza, ine ndikungokumbukira kukoma kwake pa lilime.

Ndiye... ndimati chiyani? Eya. Mwana wakoyo ali nacho kale chinthu chimene mphunzitsi sangamugulitse, mtima wofuna kudziwa kuti chifukwa chiyani. Usachiphe chimenecho. Masamu adzawagwira, mwana wofunsa savuta kuphunzitsa. Ukafuna, mpezere mphunzitsi wa m'mawa mokha, sindikuletsa, koma masana azituluka.

Ine mpaka lero ntchito ya ulangizi ndimaigwira ndi maso a amalume. Ntchemberezandonda zitavuta chimanga mu 2017, alimi ankangoti tipatseni mankhwala. Ine ndinkayamba ndagwada m'munda, kutsegula pamtima pa chimanga, kuona ndowe zake zonga utuchi, kuwaonetsa pamene mbozi yabisala, kuti adziwe pothira ndi nthawi yake. Chizolowezi chogwada n'kuyang'ana chimenecho ndinachitenga pa beseni lija.

Ndiye ndikubwerezanso, poti iwe umamva kachitatu: akakubweretsera botolo la ziwala usamuthamangitse. Mufunse kuti waona chiyani, zili ndi miyendo ingati, zikudya chiyani. Akakufunsa zimene sukuzidziwa, muuze kuti tiye tikaone. Abuluzi okhawo azimasula madzulo, asagone m'botolo, ndipo njoka asayerekeze, zimenezo umuuze mwamphamvu.

Komanso mtumize kuno sabata imodzi. Ndidzapita naye ku Kachulu akaone mabwato ndi mbalame za m'mabango, tikadzabwerera tidzakwere phiri la Zomba. Umuikire nsapato zakale ndi kope losalembamo kanthu, azijambula zimene waona. Ndidzamuchingamira pa depoti. Uwapatse moni alamu, ndipo usawauze kuti ndakuulula za kulira pa bwato, ndidzawauza ndekha.