Foni ya malume osaona

Funso: Akonzi, malume anga kuno ku Hillbrow anasiya kuona chifukwa cha shuga, nde foni ya touch yawakanika, kuti ayimbe ku Dedza mpaka ine ndiweruke. Nditani? Wowerenga wanu, Johannesburg.

Yankho: Achimwene musadandaule, foniyo imatha kulankhula. Ngati ndi Android lowani mu Settings, Accessibility, muyatse TalkBack, pa iPhone ndi VoiceOver. Akakhudza sikirini imawauza chomwe chala chagwira, akagogoda kawiri yatsegula, poyamba zimatopetsa ndithu koma khalani nawo pansi muziyeserera limodzi azolowera. Chichewa imachiwerenga mokhotakhota, nde abale kumudzi auzeni azitumiza ma voice note pa WhatsApp. Muwaikirenso Be My Eyes, ndi yaulere, munthu wodzipereka amawawerengera pa kamera olo zolembedwa pa botolo la mankhwala, kungoti imafuna data.