Aphunzitsi, yambirani pa katoni ya chubu cha njinga

Aphunzitsi, mwafunsa kuti muike chiyani pa chionetsero cha mbiri ya ndege zoyamba kuti ana asamangodutsa akuyang'ana zithunzi pakhoma, chikhalirecho ndalama zilipo zochepa. Ine ndikuti ana awagwire ndi manja awo mavuto amene Wilbur ndi Orville Wright, abale a ku America amene anaulutsa ndege ya injini mu 1903, analimbana nawo.

Ambiri amaganiza kuti chinkasowa ndi injini basi. Samuel Langley, wasayansi wa ku America, anali ndi injini yamphamvu kuposa ya abale a Wright, ndalama za boma la America analinso nazo, koma ndege yake inathera mumtsinje wa Potomac pa 8 Disembala 1903. Otto Lilienthal wa ku Germany ankauluka ndi ndege zopanda injini, n'kumaziwongolera posuntha thupi lake, mpaka anagwa n'kumwalira mu 1896. Abale a Wright ankakonza ndi kugulitsa njinga ku Dayton, Ohio, ndiye ankadziwa kuti chinthu chopendekeka chimayenda bwino wochikwera akadziwa kuchiwongolera. Mwana aliyense amene anagwapo pophunzira kupalasa amva msanga zimenezi.

Mu 1899 Wilbur anatenga katoni yaitali ya chubu cha njinga m'shopu mwawo n'kuipotokola. Anaona kuti mapiko atapotokoka chomwecho, mbali imodzi ingakwere ina n'kutsika, ndege n'kukhota kapena kuwongoka. Ikani makatoni otere ambiri patebulo, otsegula kumapeto konse, mwana aliyense apotokole yake. Akaphwanyika mungosintha.

Kenako uzani kalipentala akupangireni benchi logonapo. Pa ndege ya 1903 woyendetsa ankagona chafufumimba, chiuno chake chili m'kachimango kamatabwa komangidwa ndi mawaya opita kumapiko. Akasunthira chiuno kumanja kapena kumanzere, nsonga za mapiko zinkapotokoka. Inu mugwiritse ntchito zingwe, timatabwa topepuka ndi nsalu. Apa ndiye padzakhala mzere wautali wa ana, ndipo ndi pomwe ndingaike ndalama zambiri. Matabwa akhale osalala bwino, zingwe zosinthira zikhale pafupi, chifukwa ana amakoka ndi mphamvu zawo zonse.

Chinanso ndi bokosi lopemereramo mphepo. Mu 1901 abalewa ataona kuti manambala amene ankadalira sakugwirizana ndi zomwe ndege zawo zinkachita, anapanga bokosi lotalika pafupifupi mamita awiri, fani kumapeto kwake, n'kuyesamo timapiko pafupifupi 200. Masikelo ake anawapanga ndi masipoko a njinga ndi zidutswa za macheka odulira zitsulo. Mwana aike phiko lathyathyathya, kenako lopindika, aone yekha lomwe likunyamuka kwambiri. Musamuuziretu yankho pa chikwangwani.

Pansi pakhalenso phunziro. Pa 17 Disembala 1903 ku Kill Devil Hills, pafupi ndi Kitty Hawk ku North Carolina, Orville anauluka mamita 37 m'masekondi 12. Yesani mamita amenewo pabwalo, pentani mzere, mwana athamange wina akuwerenga nthawi. Adzadabwa kuti ndegeyo akanatha kuipeza, chifukwa inkalimbana ndi mphepo yamphamvu yochokera kutsogolo. Ulendo wachinayi tsiku lomwelo Wilbur anafika mamita 260 m'masekondi 59. Kumaloko masiku ano kuli miyala yosonyeza pamene ndegeyo inatera ulendo uliwonse, inunso ikani miyala. Poyambira mzere pachikani chithunzi chimene John T. Daniels anajambula, Wilbur ataima pambali ndege itangonyamuka.

Za makompyuta ndi masikirini ogwiragwira sindikulimbikitsani. Amadula, magetsi akazima chionetsero chathera pomwepo, ndipo mwana amangodinadina osaganiza.

Khoma limodzi mulisungire ena aja, ana asaganize kuti ntchito yonse anaigwira anthu awiri okha: Charlie Taylor amene anawapangira injini, Alberto Santos-Dumont wa ku Brazil amene anauluka ku Paris mu 1906, ndi Louis Blériot amene anawoloka nyanja kuchoka ku France kukatera ku England pa 25 Julayi 1909. Mawu a pa zikwangwani akhale a Chichewa, mizere iwiri kapena itatu basi. Musanatsegule, itanani kalasi imodzi idzayeseretu zonse, inu mukhale pambali muzilemba pamene ana akusokonezeka ndi chimene chayamba kuthyoka.