Mliri ukagwa, musathamangire kufuna mfiti

Mdzukulu wanga wa ku sekondale wandifunsa kuti, "Agogo, taphunzira za mliri wa makoswe umene unapulula anthu ku Ulaya. Kodi anthu amenewo anali mbuli, osadziwa chimene chikuwapha?"

Mwanawe, usawaseke. Nthendayi inatsikira pa doko la Messina ku Sicily mu 1347, ndipo pofika 1351 inali itatenga munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya, mwinanso kuposa. Munthu ankatuluka mwanabere m'khwapa kapena m'mphechepeche, thupi kutentha, sabata isanathe n'kumwalira. Madokotala a ku Paris, atafunsidwa ndi mfumu Philip VI mu 1348, anati mpweya waipa chifukwa mapulaneti otchedwa Saturn, Jupiter ndi Mars anakumana kumwamba mu 1345. Ndiye ankafukiza zitsamba zonunkhira, n'kumacheka mitsempha ya odwala kuti magazi oipa atuluke. Kachilombo kake anadzakapeza Alexandre Yersin ku Hong Kong mu 1894, ndipo zoti nthata za makoswe ndizo zimakafalitsa zinadziwika pambuyo pake. Pamenepo ine sindiwaimba mlandu. Anayesetsa ndi nzeru zimene anali nazo.

Chimene chimandiwawa mtima n'china. Anthu anayamba kunong'onezana kuti Ayuda akuthira poizoni m'zitsime. Ku Strasbourg, pa 14 February 1349, Ayuda mazanamazana anawotchedwa amoyo, mliri usanalowe n'komwe mumzindamo, ndipo ngongole zimene anthu anali nazo kwa iwo zinafafanizidwa. Papa Clement VI anali atalemba kale kuti Ayuda nawonso akufa ndi nthenda yomweyo. Sanamumvere.

Adzukulu anga, khalidwe limeneli sitikulimvera kutali. Mu 2017 anthu anaphedwa ku Mulanje ndi ku Phalombe pongowaganizira kuti ndi anamapopa, ndipo ife aimvi timadziwa mmene maso amatiyang'anira mwana akamwalira mwadzidzidzi pamudzi. Nthawi zambiri amene amatola miyala ndi achinyamata. Iweyo usakhale nawo. Maliro akachuluka, funsa komwe malemu ankatunga madzi, thamangitsa wodwala kuchipatala, ndipo wina akatchula dzina la agogo akutiakuti, uzipita kwa amfumu chisanade.

Anthu a mumzinda wa Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik ku Croatia, nawonso sankakadziwa kachilomboko. Koma mu 1377 anakhazikitsa lamulo loti obwera kuchokera kumene kuli mliri aziyamba akhala paokha masiku 30, kenako n'kulowa mumzinda.