Kwa akochi amene tulo timawathawa timu ikagonja

Akochi, mwati timu ikagonja simugona, mumakhalira kubwereza vidiyo ya masewero mpaka pakati pa usiku, ndipo kunyumba ayamba kudandaula. Mwafunsanso ngati n'kwabwino kungotula pansi udindo. Musafulumire. Osewera anu mumawakonzera masiku opuma mosamala kwambiri, koma dzina lanu mulibe mu ndondomekoyo. Yambirani pamenepo.

Usiku wa masewero ndiwo umawononga kwambiri. Wezulo yomaliza ikalira, m'thupi mumakhala mukadali adrenaline ndi cortisol wambiri, mahomoni omwe amachititsa thupi kukhala tcheru, ndiye tulo sitibwera msanga, kaya mwapambana kaya mwagonja. Vidiyo yoonera muli chomwecho sikuphunzitsani kanthu. Maso amangosakasaka woti mumuloze chala, ndipo mawa lake mumakhazika pa benchi wotchinga kumbuyo pomwe mpira unatayika pakati. Mukachoka pabwalo tengani mphindi 10, lembani papepala zinthu zitatu zimene zikukuvutani, tsekani. Mutu umaleka kuzungulira pa chinthu ukadziwa kuti chasungidwa penapake. Vidiyo muionere pakatha maola 24. Mauthenga a pa WhatsApp kwa osewera kapena akuluakulu a timu adikirenso, chifukwa zolemba munthu atakwiya zimatenga sabata kuti azikonze.

Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu muzilekeza masana: pakatha maola pafupifupi 5, theka la caffeine limakhala lidakali m'magazi. Mowa umagonetsa msanga, inde, koma umadula tulo cha m'bandakucha. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9.

Kenako sankhani tsiku limodzi lathunthu pa sabata, lilembedwe pa kalendala ya timu ngati mmene mumalembera tsiku la masewero. Ngati mumasewera Loweruka, Lolemba limakhala bwino kuposa Lamlungu, poti Lamlungu mtima umakhala usanatsike. Wachiwiri wanu ndi kaputeni adziwe kuti tsikulo foni amayankha ndi wina, pokhapokha wosewera atavulala kwambiri. A kunyumba musawalonjeze kuti muwapatsa nthawi ligi ikatha. Ikatha pamabwera kugula osewera ndi zokonzekera, ndipo iwo amadziwa kale. Ola limodzi madzulo, foni ili chipinda china, limamveka kuposa lonjezo.

Chovuta kwa makochi akhama ndi kugawa ntchito. Ambiri amati agawa, koma amaima pambali n'kumawongolera chilichonse, wachiwiri n'kugwa ulesi, ntchito n'kubwerera kwa mwini wake. Alex Ferguson anali kochi wa Manchester United kuyambira 1986 mpaka 2013, ndipo zokonzekera za tsiku ndi tsiku ankasiyira omuthandiza, iye n'kumangoyang'ana. Perekani gawo lathunthu, monga kutenthetsa thupi, makona ndi mafirikiki, kapena kuunika timu yomwe mukumane nayo. Muzikambirana kamodzi pa sabata, osati pamaso pa osewera. Masabata oyamba sizidzachitika mmene inu mukanachitira. Pirirani.

Tisanamizanenso: kuima pamzere n'kumakuwa si masewera olimbitsa thupi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu kwakwana.

Za kutula pansi udindo, yesani izi kwa masabata 6 kaye, kenako dziyeseni ndi zizindikiro zitatu zimene WHO inatchula mu 2019 pofotokoza kutoperatu ndi ntchito: kutha mphamvu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito yomwe munkaikonda, ndi kuona kuti simukuigwiranso bwino. Ngati zonse zilipobe, kupuma kwa nthawi yaitali si manyazi. Pep Guardiola anachoka ku Barcelona mu 2012 n'kukakhala chaka ku New York asanapite ku Bayern Munich, ndipo Jürgen Klopp anasiya Liverpool mu 2024 ataulula kuti mphamvu zikumuthera. Iwo anali ndi ndalama zopumira chaka, zomwe ambiri alibe, choncho pemphani masabata awiri kapena atatu ligi ikaima, wachiwiri agwirizire.

Koma ngati mukumva kuwawa pachifuwa, mtima ukugunda mosalongosoka, kapena mwatha masabata awiri muli wokhumudwa osasangalala ndi chilichonse, musadikire masabata 6 aja. Kaonaneni ndi dokotala sabata ino, akuyezeninso BP.