Anakutsitsani pa rodibuloko chifukwa cha dzina la pa laisensi, koma vuto lenileni ndi pepala munasayina lija

Achemwali, nkhani yanu ndaimva. Mwati anakuimitsani pa rodibuloko ina pa M1, COF ndi inshuwalansi zonse zili bwino, koma wa trafiki atangoona dzina lachimuna pa laisensi inu mutavala zachizimayi basi nkhani inatembenuka, akuti laisensi si yanu, tiyeni ku siteshoni. Kumeneko anakufunsani zambirimbiri, wina mpaka kuwopseza kuti akuvulani, kenako amalume anu atafika nkumati ingosayinani tizipita kunja kwada. Ndipo munasayina osawerenga.

Ndiyambe ndi amalumewo chifukwa malangizo amenewa ndi amene amatilowetsera anthu m'ndende. Pepala lija nthawi zambiri limakhala caution statement, sitetimenti yomwe apolisi amalemba kuchokera pa zomwe woganiziridwa mlandu wanena. Anthu amaganiza kuti ndikafika kukhoti ndikangonena kuti ndinasayina ndi mantha ndiye majisitireti alitaya, kuno sizili choncho. Gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code limalola khoti kulandira sitetimenti yovomera mlandu ngakhale mwini wake akunena kuti anamukakamiza. Khoti limangofunika likhutire kuti munanena ndinu komanso kuti zomwe zalembedwazo ndi zoona. Ndiye ikalowa yalowa, loya wanu amangotsala ndi ntchito yolimbana ndi mawu anu omwe, mawu oti mwina munayankhula m'Chichewa wapolisi nkulemba m'Chingerezi mmene anafunira iyeyo.

Kwa munthu wa transgender ngati inu msamphawu ndi woopsa kwambiri, chifukwa mafunso amayambira pa laisensi nkukathera pa "mumagona ndi ndani". Magawo 153 ndi 156 a Penal Code, omwe amawagwiritsa ntchito poimba mlandu amuna ogonana okhaokha, akadalipo, Constitutional Court inakana kuwachotsa pa 28 June 2024, ndipo 153 chilango chake chimafika zaka 14. Koma magawo amenewo amanena za mchitidwe wogonana, sanena za diresi kapena wigi. Pa rodibuloko wapolisi alibe umboni wa zakuchipinda kwanu, umboniwo amakaupeza pakamwa panu kapena mufoni mwanu. Ndaonapo fayilo yoti mulibiretu kanthu kupatula tsamba limodzi lomwe munthu anasayina atatopa ndi njala. Gawo 42 la Constitution likukupatsani ufulu wokhala chete komanso wowonana ndi loya, ndiye yankho ndi limodzi, "ndiyankha loya wanga akabwera", muzibwereza lomwelo mwaulemu ngakhale akwiye.

Poti mwasayina kale, pezani loya msanga akafunse chomwe chinalembedwa. Ngati ndalama palibe pitani ku Legal Aid Bureau. Mwina munangolembedwa za laisensi basi, mwinanso ayi, sindingalonjeze kanthu ndisanalione pepalalo.

Ulendo wina akakuimitsani imani, perekani laisensi, ndipo akafunsa dzina tchulani lomwe lili pa laisensipo. Ndikudziwa kuti limakuwawani kulitchula koma mukatchula lina mwawapatsa poyambira kunena kuti mukudzinamizira kukhala munthu wina. Muziyenda ndi chiphaso cha unzika chifukwa dzina likafanana pa makadi awiri mkangano woti laisensi si yanu umafooka. Ngati chithunzi ndi chakale kwambiri kafunseni ku Road Traffic za kujambulitsa china. Kusintha M (mwamuna) kukhala F (mkazi) pa makadiwo ndiye musayembekezere msanga, njira yomveka m'malamulo athu mulibe, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limachita kunena kuti mwamuna kapena mkazi ndi mmene munthu anabadwira.

Zovula munthu kuti "tione" sizikugwirizana ndi mlandu uliwonse wa pamsewu, ndipo magawo 19 ndi 21 a Constitution amateteza ulemu wanu ndi chinsinsi chanu, ena mwa mabwanawa amachita ngati sanaphunzireko zimenezi. Osalimbana nawo ndi manja, ingonenani mokweza pali anthu kuti simukuvomereza. Foni musatsegule mwakufuna kwanu, funsani ngati ali ndi warrant, chikalata chowaloleza kufufuza. Funsaninso poyera kuti kodi mwandimanga, ndipo pa mlandu wanji? Akakumangani akuyenera kukufikitsani kukhoti pasanathe maola 48, belo ya kupolisi ndi yaulere, chindapusa cha pamsewu mulandire GR (lisiti la boma), ndipo ya fanta ija ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe.

Za kudandaula, kuli Independent Complaints Commission, yomwe imalandira madandaulo okhudza apolisi, ndi Malawi Human Rights Commission. Kusumira boma nkotheka koma zimachedwa ndipo zimadalira umboni, komanso ganizirani kaye kuti kukhoti dzina lanu limamveka pagulu. Lero lomwe lembani tsiku, nthawi, malo, mayina kapena nambala za apolisi aja ndi mawu omwe ananena, ndipo amalume nawonso alembe zomwe anaona musanakumane ndi loya.