Mawu 20 patsiku koma onse kuiwala? Yesani izi achemwali

Achemwali funso lanu ndaliwerenga kawiri chifukwa ndi momwe ndinalili ine ndendende. Mwati mumakopera mawu 20 a Chingerezi tsiku lililonse kuchokera mu dikishonale, koma ikangotha sabata onse aja ayoyoka, ndipo wina akakulankhulani pakamwa pamangouma gwaa. Musamadzione ngati ndinu mbuli ayi, mutu wanu uli bhobho, chalakwika ndi kalowezedwe kakeko.

Ine ndinali ndi kope lodzadza mawu onga "ubiquitous" ndi "ameliorate", mawu oti mpaka lero sindinawatchulepo kwa munthu, ndiye tsiku lina kuntchito ndinauza mnzanga wina wosamva Chichewa kuti "borrow me your charger", iye kungondiyang'ana kaye kenako nkuti "you mean lend?" eee manyazi ake ndinangofuna pansi patang'ambika ndilowe. Mawu onse awiriwo ndimawadziwa, analimo m'kope muja, koma m'mutu mwanga munali "ndibwerekeko" ndiye ndinangotembenuza. Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kuloweza liwu palokha, ndimaloweza chiganizo chonse: "Can I borrow your charger?" kapena "Could you lend me your charger?" basi, chilowe chonchi chathunthu ngati nyimbo.

Mawu a Chingerezi amayenda ndi anzawo. Ife timati mvula yamphamvu koma iwo sati strong rain, amati "heavy rain". Kulakwitsa ndi "make a mistake" osati do a mistake, ndipo palibe lamulo lofotokoza chifukwa chake, anangozolowera choncho. Ndiye pali "kumva" kwathuku, timamva phokoso, kumva fungo, kumva kuwawa, kumva zimene munthu akutanthauza, liwu limodzi, pomwe uko ndi hear, smell, feel, understand. Ukaloweza kuti kumva ndi hear basi, tsiku lina udzanena kuti I hear a smell anthu nkukomoka ndi phwete. China chomwe ambiri timapanga, ukutuluka pakhomo nkumati "I'm coming" poganiza ndikubwera, mnzakoyo amadabwa kuti ukubwera bwanji pomwe ukupita, iwo amati "I'll be right back".

Pa nkhani yoti mawu ake ati, dikishonale isiyeni kaye, ija ndi yofufuzira osati yoloweza kuyambira pa A. Mu 1953 mphunzitsi wina dzina lake Michael West anatulutsa mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 omwe amapezeka kwambiri, umatchedwa General Service List, ndipo mawu ochepa chonchowa ndi amene amadzadza pafupifupi 80 peresenti ya nkhani wamba yolembedwa. Masiku ano kulinso Oxford 3000, ili pa intaneti yaulere. Mukaiona mudzaseka chifukwa ambiri mumawadziwa kale, get, take, put, koma timawu timenetu ndi tomwe timavuta. "Put on" ndi kuvala, "put off" ndi kuzengereza kapena kusuntha tsiku, "put up with" ndi kupirira khalidwe la munthu. Liwu lomwelo koma nkhani zitatu zosiyana.

Za kuiwalazo ndi chibadwa. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaziyesa pa iye mwini nkulemba zotsatira zake mu 1885, anapeza kuti zambiri zimathawa m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba lomwelo, kenako kuiwalako kumayamba kuchepa. Ndiye mankhwala ake ndi kubwereza motalikitsa nthawi: mwaphunzira lero, bwerezani mawa, kenako pakatha masiku atatu, sabata, mwezi. Ndipo kubwereza sikuwerenganso kope ayi, kumeneko nkudzinamiza chifukwa maso akaona liwu umamva ngati ukulidziwa. Dulani timapepala, mbali ina lembani Chichewa, kuseri Chingerezi, muyang'ane Chichewacho nkudzikakamiza kutchula Chingerezi chake mokweza musanatembenuze. Kapepala komwe mwalephera kabwerenso mawa, komwe mwakhoza kadikire sabata. Pa foni pali app ya Anki imene imawerengetsa masikuwa yokha. Duolingo, app ina yophunzirira zilankhulo, ndinaiyesa, ndi yabwino pozoloweretsa kuphunzira tsiku ndi tsiku koma kwa ine sinanditsegule pakamwa, ena mwina anganene zosiyana.

Chimene chinanditsegula pakamwa ndi khutu. A VOA Learning English, pulogalamu ya wailesi ya Voice of America, ankalankhula pang'onopang'ono ndi mawu osavuta, anayamba kale mu 1959 ndi dzina la Special English, komanso 6 Minute English ya BBC ili ndi zolembedwa zake zoti muzitsatira. Ndinkamvera kachigawo kamodzi katatu, kachitatuko ndikuimitsa chiganizo chilichonse nkutsanzira mpaka kakwezedwe ka mawu, kenako kudzijambula voice note nkumvera. Poyamba umanyansidwa ndi mawu ako omwe, koma ndi pomwe ndinagwira kuti ndimasokoneza l ndi r, "pray" ndi "play" zimamveka chimodzimodzi, ndinso kuti mkazi ndimangomuti he chifukwa kwathu kuno iye ndi iye basi.

Ndiye 20 ija itsitseni, ziganizo zisanu patsiku zakwana, zoti mukhoza kuzinena kwa munthu tsiku lomwelo. Zoyambira zikhale zokupulumutsani mukasowa chonena, monga "Sorry, could you say that again?", "What does that mean?" ndi "Could you speak more slowly, please?" chifukwa nthawi zambiri pakamwa pamauma poti sunamve bwino ndiye ukuopa kufunsa, umangoti yes yes uku ukumwetulira. Ine ndinavomerapo kulowa ntchito Loweruka chifukwa cha yes yes ameneyu.

Mukalemba zisanu zanu zoyamba ziponyeni mu gulu muno tikuthandizeni kukonza, tilipo ambiri amene tinayambira pa borrow me.